Ndinakweza Msuweni Wanga ku Bvumba Wopanda Juzi

Inu owerenga, ndisakutayitseni nthawi: amene anayambitsa zonsezi ndine. Musavutike kufunafuna mfiti kapena kuloza chala akuba a pa intaneti. Msuweni wanga Lameki ntchito yokaphunzitsa Chingerezi ku China inamupulumuka m'manja chifukwa cha ine, mwana wa fomu 3 wa ku Sakubva. Amayi anga akuti ndilembe izi kuti ena atengerepo phunziro. Phunzirolo lilipo ndithu, kungoti mwina si limene amayi akuliganizira.

Lameki ndi mwana wa amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene anapuma ntchito ku njanji. Ndi wamkulu kwa ine kutalitali, moti akanakhala mkulu wanga wa bere limodzi bwenzi ndikumupatsa "inu" ndi kumulandira chikwama akamafika. Koma ndi msuweni. Agogo athu anachoka ku Dedza kalekale, ife tonse n'kubadwira kuno ku Mutare, ndipo zambiri za kwawoko tinazitaya panjira, koma chisuweni sichinafe. Msuweni umamunyoza, umamulanda nyama m'mbale, umamunenera zabodza pamaso pa chibwenzi chake, iye saloledwa kukwiya. Iye wakhala akunditchula Chimutu kuyambira ndili kumsana. Ine ndinkamutchula Hedimasitala wa Mapaini, poti amaphunzitsa pa kasukulu ka ku Imbeza, pakati pa minda ya mitengo, kumene ana ambiri ndi a anthu ocheka matabwa.

Chingerezi munthu uja amachidziwa, pamenepo sindingamulande. Za malipiro a aphunzitsi kuno sindinenapo, mumazidziwa. Tsiku lina mnzake wa ku koleji anamuuza kuti ku Asia masukulu akufuna anthu ophunzitsa ana Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo Lameki sanalankhulenso nkhani ina. Vuto linali limodzi: ntchito zimenezi sufunsira ndi envulopu. Zonse n'za pa kompyuta. Pasukulu pake palibe magetsi, foni yake ndi ya mabatani, ndipo netiweki imagwira pachulu china kuseri kwa zimbudzi za ana, ukaimirira choyang'ana ku Penhalonga.

Choncho Loweruka lililonse ankakwera kombi, minibasi ya kuno, kubwera m'tauni, kukakhala pamzere pa kafe ya intaneti ya Mai Tino, pafupi ndi pokwerera mabasi. Mai Tino ndi mayi wachishona wosaseka ndi munthu, nthawi yako ikatha amazimitsa kompyuta uli pakati pa mawu. Tsono Lameki amalemba ndi chala chimodzi, ngati nkhuku ikujompha chimanga. Akapeza chilembo chimodzi, china chasowa. Akati wamaliza tsamba, magetsi azima, zonse zapita. Loweruka lina anatuluka pamenepo atangolemba dzina lake ndi la sukulu basi. Ndiye tsiku limenelo anandikokera pambali n'kundinong'oneza pasiwedi ya imelo yake, poti kusukulu kwathu kuli chipinda cha makompyuta, ndipo aphunzitsi athu akatitsegulira Lachitatu masana amapita kukamwa tiyi osabweranso.

Ndikufuna mudziwe kuti ntchitoyo ndinaigwira bwino kwa miyezi. Ndinatumiza mapepala ake kumasukulu ambirimbiri. Ambiri sanayankhe n'komwe. Ena ankayankha mwaulemu kuti akufuna munthu wa pasipoti ya kwa eni Chingerezi. Ena ankafunsa zinthu zodabwitsa: chithunzi chosaseka, chithunzi choseka, kalata ya kupolisi, chithunzi cha m'chifuwa cha kuchipatala, kutalika kwa msinkhu wake. Ine ndinkamuimbira foni madzulo, iye ataimirira pachulu paja, n'kumuuza. Iye chilichonse ankachita osafunsa. Atauzidwa kuti ayeze msinkhu, anakaima pakhoma la kalasi, mwana wa giredi 7 n'kumuyeza ndi lula ya pabolodi. Ine ndinkangoona, n'kumasunga mumtima.

Mu Juni, kuzizira kutafika pachimake, sukulu ina ya kumpoto kwa China inayankha. Inati yakonda mapepala ake, ikufuna kulankhula naye maso ndi maso pa kompyuta Lolemba lotsatira, ndipo ikakhutira, malo ndi ake. Mwa masukulu onse aja, iyi yokha ndiyo inafika pamenepa. Ndinamuimbira n'kumuuza zoona zokhazokha. Anakuwa pachulu paja mpaka ndinamva agalu akuuwa. Kenako anafunsa funso limene linamupweteketsa.

"Palibenso china akufuna?"

Panalibe. Koma munthu akakutsegulira chitseko chotero, inu mungatani? Pakamwa panga panayamba pokha.

"Chilipo," ndinatero. "Akuti kwawoko kumazizira mpaka madzi amauma m'mipope, ndiye aphunzitsi ochokera ku Africa amathawa mwezi woyamba. Akufuna vidiyo yosonyeza kuti iwe umapirira. Uphunzitse panja, m'mawa, pamalo ozizira kuposa onse m'dera lanu, wopanda juzi."

"Chimutu, galu iwe, ukundinamiza."

"Ndiye bwera udzawerenge wekha, Hedimasitala."

Ndinkadziwa kuti sangabwere mkati mwa sabata. Ndinkadziwanso kuti Loweruka lotsalalo sangaligawe pawiri, kukhala pamzere kwa Mai Tino ndi kukajambula vidiyo. Anangofunsa ngati tayi imaloledwa. Ndinati tayi ndi yololedwa, bola vesiti yam'kati asavale, chifukwa anthu aja amaona.

Aliyense wa ku Mutare amadziwa kumene kumazizira kuposa konse. Loweruka m'mamawa tinakwera kombi ya ku mapiri a Bvumba, ine nditavala majuzi awiri, jekete la abambo anga la kuntchito kwawo ku Feruka ndi chipewa chaubweya, m'thumba muli foni ya amayi yojambulira. Lameki anavala malaya oyera a manja aafupi, tayi yofiira, atanyamula kabolodi ndi choko. Juzi anaisiya dala kunyumba kwathu kuti isamuyese. Kondakitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa m'Chishona ngati akuthawa kuchipatala.

Tinatsika pamwamba, pamene amayi ena amagulitsa nsalu zopeta m'mbali mwa msewu. Nkhungu inali yoti munthu ali apo sukumuona, ndipo kunkagwa kamvula kaja timati guti, kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Amayiwo anali atatu, atadzikulunga m'mabulangete, akuotha moto wa m'chitini. Ndinawafotokozera kuti mkuluyu akupita ku China ndipo akufunika ana asukulu. Anayang'anizana, n'kuvomera, poti ogula kunalibe.

Lameki anakoleka kabolodi pamtengo n'kuyamba. Anasankha phunziro la nyengo. Anajambula dzuwa, mtambo ndi mvula, n'kumafunsa amayi aja m'Chingerezi kuti lero kunja kuli bwanji. Choko chinanyowa, dzuwa linayamba kuyenderera pabolodi. Malaya anamatirira pathupi, nthiti zonse kuwerengeka. Mano ankaombana moti mawu oti kuzizira ankatuluka zidutswazidutswa, koma munthu uja ankamwetulirabe, chifukwa mnzake wa ku koleji anamuuza kuti ku Asia mphunzitsi sasiya kumwetulira. Mmodzi wa amayi aja, wachikulire, anamumvera chisoni n'kuvula bulangete lake.

"Mwanangu, funda kani, ufa," anatero.

Lameki anakana mwaulemu, m'Chingerezi, kamera ikujambula.

Atamaliza ndinamuuza kuti chala changa chinatseka kamera. Anabwereza. Ulendo wachiwiri ndinati nkhungu sikuoneka bwino, anthu aja angaganize kuti tajambulira ku Sakubva, tikwereko pang'ono. Tinakwera, amayi aja akutitsatira ndi chitini chawo cha moto. Ulendo wachitatu pusi anatsika mumtengo n'kukhala kumbuyo kwa kalasi, akumvetsera bwino kuposa onse. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira ndi kuseka, foni inkagwedezeka m'manja, koma Lameki ankaganiza kuti nanenso ndikunjenjemera ndi mphepo. Anandisisita pamutu n'kunena kuti akakafika ku China adzanditumizira kompyuta yangayanga. Sindinganame, mawu amenewo anandilasa pang'ono. Koma kombi yobwerera inachedwa, tinaima pamsewu nthawi yaitali iye ali chinyowere, ndipo pofika m'tauni ndinali nditaiwala.

Cholinga changa chinali chaching'ono. Ndinkafuna kuonetsa vidiyoyo kwa abale ndi kwa achinyamata a kutchalitchi, tiseke, kenako Lamulungu madzulo ndimuuze zoona, anditukwane, zithe. Mbali yoyambayo inayenda bwino kwambiri. Pofika Lamulungu masana vidiyo inali itafika ku Dangamvura, ku Harare, ngakhale kwa azakhali ena a ku Joni. Mbali yachiwiri ndi imene inavuta. Lameki anagona kwathu, ndipo Lamulungu anadzuka thupi likutentha, akutsokomola ngati galimoto yokana kulira. Sanapite kutchalitchi. Amayi anamuphikira tiyi wa masamba a zumbani, anamufinyira mandimu, anamufunditsa bulangete pabeseni la madzi otentha. Munthu ali m'bulangete akufukizidwa si nthawi yomuuza kuti anavutika pachabe. Ndinati ndidikire achire.

Lolemba kutentha thupi kunatsika, koma mawu anapita. Osati kusasa chabe, ayi. Akatsegula pakamwa kunkangotuluka mphepo ndi kaphokoso ngati ka chitseko chosadzola mafuta. Ndinamuuza kuti tiwapemphe tsiku lina. Anapukusa mutu. Ahedi ake anamupatsa tsiku limenelo lokha, ndiponso Mai Tino anali atalonjeza kumusungira kompyuta yokhayo imene ili ndi kamera. Anavala suti ya amalume, ine ndinajomba kusukulu, tinapita.

Pa kafepo magetsi anali atazima kale, jenereta ikulira pakhomo. Anthu anali thothotho, ena kudzasindikiza mapepala ofunsira ntchito, ena kudzajambulitsa zitupa. Mai Tino anawauza onse kuti akhale chete, mphunzitsi akulankhula ndi ku China. Mahedifoni ake ankamveka khutu limodzi, choncho anatsegula sipika, aliyense n'kumamva. Pa sikirini panaoneka mayi wovala magalasi, waulemu, kumbuyo kwake kuli zithunzi zojambula ana. Anapereka moni n'kupempha Lameki kuti adzifotokoze.

Lameki anamwetulira, anatsegula pakamwa, chitseko chija chinalira. Mayiyo anati mwina makina ali ndi vuto. Mai Tino anabwera n'kugwedeza nthambo zonse. Lameki anayesanso. Mayiyo anasendeza khutu pafupi. Kenako anamuuza kuti alembe pa kiyibodi chimene chavuta. Ine ndinafuna kumulembera, koma anandikankha dzanja, poti sankafuna kuti aone kuti ali ndi womuthandiza. Chipinda chonse chinadikira iye akusaka zilembo. Analemba kuti akupepesa, mawu ake anathera kuphiri pamene ankachita mayeso awo opirira kuzizira, ndipo akukhulupirira kuti vidiyo anailandira n'kuona kuti iye si wothawa.

Mayi uja anawerenga. Anawerenganso. Kenako anafunsa pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti ndi mayeso ati amenewo. Anati kusukulu kwawo makalasi amatenthetsedwa, ana amavula majekete pakhomo, ndipo sanapemphepo munthu aliyense vidiyo ya kuphiri.

Lameki anatembenuka pang'onopang'ono. Ine nthawi imeneyo ndinali nditafika kale pafupi ndi jenereta. Chimene ndinaona komaliza ndi Mai Tino, mayi wosaseka uja, atagwira pakauntala, misozi ikutsika.

Ndisadzinamizire kuipa kopitirira. Lachitatu ndinalembera sukuluyo m'Chingerezi changa chabwino, kufotokoza kuti mphunzitsi anadwala ndipo akupempha mwayi wina. Anayankha mawa lake. Anati akumufunira kuchira msanga, koma sangalembe ntchito mphunzitsi wa chilankhulo amene sanamve mawu ake, ndipo malowo apereka kwa wina. Nkhani ya ku China inathera pamenepo.

Mlandu unakambidwa Lamulungu lotsatira kwathu, titaweruka kutchalitchi. Amalume anakhala pampando wa abambo, poti nkhani ya mwana wa mlongo wawo ndi yawo, abambo anga anangokhala pakhonde n'kumakonza wailesi yosawonongeka. Lameki anakhala pakona, mawu atabwerera theka. Amayi anayamba ndi kulira, akuti ndawachititsa manyazi kwa alongo awo. Atandipatsa mpata, ndinanena mawu amodzi okha: chisuweni. Ndinawakumbutsa kuti Lameki yemweyo anandiuzapo ndili wamng'ono kuti ndikameza njere ya lalanje mtengo umera m'mimba, ine n'kulira tsiku lonse, ndipo palibe anamuitanira bwalo.

"Chisuweni n'choti onse awiri aseke," anatero amalume. "Apa waseka ndani?"

"Aseka ambiri, amalume. Inunso akuti munabwereza katatu pamene pali pusi paja."

Patapata ya amayi inandipeza pakhutu ndisanatseke pakamwa. Amalume anatsokomola nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga. Kenako anagamula. Anati n'zoona, chiyambire makolo msuweni samenyedwa chifukwa cha nthabwala, ndipo iwo sayambitsa zimenezo. Koma anati nthabwala imadya nyama ya m'mbale, siidya munda. Choncho tchuthi chonse cha Ogasiti ndikakhala ku Imbeza, kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni za Lameki. Loweruka lililonse ndizimuperekeza kwa Mai Tino, ndizikhala pambali pake manja nditakhalira, n'kumamuphunzitsa kompyuta ndi pakamwa pokha, mpaka adzathe kutsegula imelo yake popanda kupempha munthu. Atatero anafunsa Lameki ngati ali ndi choonjezera.

Anali nacho. Anati masukulu ena amafunadi vidiyo, yeniyeni, yosonyeza mphunzitsi akuphunzitsa mwana wamng'ono. Ana a pasukulu pake adzakhala ali patchuthi. Ndiye mwanayo ndidzakhala ine.

Ndikulemba izi ndili ku Imbeza. Madzi ndimatunga, nkhuni ndimawaza, sizinandiphe. Kuno kuli magwafa a m'tchire ndi anyamata odziwa mpira, ndiponso palibe amene amandifunsa za homuweki. M'mawa dzuwa likatuluka bwino, Lameki amaimika foni ya amayi pa njerwa, ine ndimavala kabudula, ndimakhala pamkeka miyendo nditapinda, iye n'kumandionetsa nthochi ndi kundifunsa mtundu wake. Ndimayankha ndi mawu aang'ono. Ndimaomba m'manja. Ndimaimba nyimbo ya zilembo ndikugwedeza mapewa. Nthawi zina ndimalakwitsa dala kuti aonetse luso lake lokonza mwana, ndipo ngakhale sanena, ndikudziwa kuti mavidiyo amene ndalakwitsamo ndiwo abwino.

Chimodzi chokha n'chimene sichili bwino. Kuyambira tsiku la bwalo lija Lameki sananditchulenso Chimutu. Amandipatsa "inu". M'mawa amati, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Pakudya amandisiyira nthuli yaikulu, ngati mlendo. Dzulo ndinamuikira chule mu nsapato, iye anangomutulutsa bwinobwino, kukamusiya pa udzu, n'kundithokoza kuti nsapatozo ndazipukuta. Amayi nditawauza kudzera pa foni ya abambo anati chimenecho ndicho chilango chenicheni, zamadzi ndi nkhunizo n'zongokometsera. Mwina akunena zoona. Ine ndikuona kuti munthu sangapirire ulemu wotere mpaka Khirisimasi, adzatopa yekha.

Tsono inu owerenga, makamaka inu aphunzitsi amene mukufuna kupita kunja koma kompyuta mumaionera kwa eni, malangizo anga ndi awa. Imelo yanu muziwerenga ndi maso anu, ngakhale zitatanthauza kukhala pamzere tsiku lonse. Wina akakuuzani kuti akunja akufuna chakuti, muuzeni akuonetseni pamene alembapo. Munthu amene wadikira yankho nthawi yaitali amakhulupirira chilichonse, ndipo ife ana a masiku ano timazidziwa zimenezo. Ngati n'kosatheka, mwasowadi pogwira, pasiwedi yanu patsani abusa, patsani mlamu wanu, patsani ngakhale munthu wodutsa pamsewu. Msuweni ayi. Kwa anzanga okonda nthabwala, amayi akuti ndikuuzeni kuti musiye. Ine ndingoti muziyamba mwafunsa ngati munthuyo ali ndi zofunika kulankhula Lolemba.

Lameki tsopano amatsegula yekha imelo, ndipo Loweruka lapitali watumiza yekha mavidiyo athu kumasukulu angapo. Akudikirabe yankho, pasipoti ili m'sutikesi. Ine pasipoti ndilibe, koma nditavala kabudula, nthochi ili m'manja, ndafika kale ku Vietnam, ku Thailand ndi ku China komwe.